Kodi Nsomba Nazo Zimasamba Madzi a M'giza?

Ine kwathu ndi ku Chembe. Kusambira ndinakudziwa ndisanadziwe kuwerenga, ndipo nsomba ndinayamba kuziona ndili kumsana kwa mayi anga. Zaka zonse zimene ndinakhala m'mbali mwa nyanja sindinamvepo munthu akudandaula kuti nsomba zikumva kuzizira. Mwera ukamawomba mu June amanjenjemera ndi asodzi, usipa uli phee m'madzi mwake. Ndiye mundikhululukire ngati mafunso anga akumveka achibwana. Safunsa adadya phula.

Kuno ku Johannesburg ndimasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina. Pabalaza pa nyumbayo pali thanki yagalasi yotalika kuposa bedi, yolowa madzi malita 1,500. Ndinawerengera ndekha: ndowa 75 za malita 20. Mkati mwake muli nsomba zachikasu, zabuluu, zina zamizeremizere, komanso zinthu zonga miyala yophuka maluwa. Tsiku loyamba ndinafunsa ngati ndizizithirira manyowa. Bwana anaseka, nkundiuza kuti si maluwa ndipo si miyala, ndi tizilombo tamoyo totchedwa makorali. Ndinafunsanso ngati nsombazo zimadyedwa. Pamenepo sanaseke.

Madziwo ndi amchere. Johannesburg ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pamene pafika nyanja yamchere, ndipo kuti mukaone nyanja yamchere ku Durban muyenda makilomita oposa 500. Choncho nyanja ya pabalazayi amaipanga okha. Pa lita iliyonse ya madzi osefa amasungunula mchere pafupifupi magalamu 35. Kuchulukitsa ndi 1,500, ndiye kuti m'thanki muja muli mchere woposa thumba la chimanga la makilogalamu 50, koma ukayang'ana suona kanthu, madzi ali mbee. Ndinafunsa ngati mchere wa m'ndiwo ungagwire ntchito, poti ngwotchipa. Ayi ndithu. Wa m'nyanja ngwosakanikirana ndi zina zambiri, ndipo zina mwa izo ndi zimene makorali amamangira mafupa awo.

Tsiku lina bwana ananditenga kusitolo kumene amagula mcherewo kuti ndikathandize kunyamula. Pakona panali mathanki olembedwa dzina la dziko langa. Nditasuzumira, ndi mbuna! Mbuna zomwe zija tinkasewera nazo m'miyala ya ku Thumbi, zimene bambo anga saziwerengera ngati ndiwo. Mtengo wake sindiutchula, mungati ndikunama. Koma chimene chinandigwira mtima ndi kandodo kagalasi kamene kanali m'madzi mwawo, kakuyaka kagetsi kofiira. Imeneyo ndi hita. Mbuna za kwathu zikuwotha moto m'madzi. Apa mpamene ndinazindikira kuti nsomba za ku Chembe sizidandaula chifukwa nyanja yathu njofunda chaka chonse, madzi apamwamba satsika kwenikweni pa madigiri 23 kapena 24 ngakhale mwera utalusa. Nyanja ndi yaikulu, sizizira msanga. Thanki ndi kapu chabe.

Nsomba ndi makorali a bwana amafuna madigiri 25 kapena 26, usiku ndi usana, chilimwe ndi chisanu. Mahita agalasi aja analipo anayi. Koma chaka cha 2023 magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabatire a m'nyumba sakanatha kunyamula mahita anayi pamodzi ndi mapampu ndi furiji. Pa 10 July chaka chimenecho kunagwa chipale chofewa mu Johannesburg, ine nkumachitola m'manja ngati mwana. Bwana sanatuluke kudzaona. Anali ataima patsogolo pa thanki, akuyang'ana manambala a choyezera kutentha ngati munthu wodwazika matenda. Sabata yotsatira anaitana pulambala.

Mwayi wanga, pulambalayo anali wakwathu, bambo wachikulire wa ku Ntcheu amene anatchona kuno ine ndisanabadwe. Ndinapatsidwa ntchito yowagwirira makwerero ndi kuwapatsira zipangizo. Atandiuza kuti abwera kudzalumikiza thanki ku giza, ndinati ntchito yake njaifupi.

"Madala, bwanji osangotenga ndowa, nkutunga madzi otentha kubafa, nkuthiramo?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mphwanga, ukathira ndowa ya madzi mumphika wa ndiwo zothira kale mchere, chimachitika nchiyani?"

"Zimasukuluka."

"Ndipo ukathira ndowa ina mawa, ina mkucha?"

"Mphika usefukira."

"Wayankha wekha."

Anawonjezera kuti madzi a pampopi ali ndi mankhwala ophera tizilombo, abwino kwa ife koma oipa kwa zam'thanki. Kenako anagogoda paipi yofiirira imene inali pakhoma. Mkuwa. Mapaipi a madzi otentha m'nyumba zambiri kuno ndi amkuwa, ndipo mkuwa ukasungunukira m'madzi ngakhale pang'ono kwambiri, moti lilime silingamve, makorali, nkhono ndi tinkhanu ta m'thanki timafa. Ndinadabwa. Mkuwa womwewu anthu amavala pamkono?

Bwana ndi amene anandisokoneza kwambiri pa nkhani ya mkuwayi. Anati nsomba ikagwidwa ndi matenda a timadontho toyera, mankhwala ake ena ndi a mkuwa womwewo, kungoti amaichotsa kaye nkukaichiritsira m'thanki ina yopanda makorali. Muyeso umene umapha kachilombo ka pakhungu la nsomba ndi womwewo umene ungaphe korali, poti onsewo ndi zamoyo zopanda msana. Mpaka pano zimandivuta kumvetsa kuti mwala wophuka maluwa ndi nthata ya pansomba ndi pachibale, koma ndinavomera.

"Nanga ngati madzi a m'giza saloledwa kukhudza nsomba, Madala, mukulumikiza chiyani?"

"Unaonapo mayi akufunditsa botolo la mkaka wa mwana?"

Ndinaonapo. Amaliimika m'kapu ya madzi otentha. Madzi salowa mu mkaka, mkaka sutuluka m'botolo, koma pakapita kanthawi mkaka wafunda.

Nzeru yonse inali imeneyo, kungoitembenuza. Pansi pa thanki yaikulu, m'kabati, muli thanki ina yaing'ono yobisika imene amaitcha sampu, ngati ya injini ya galimoto. Madzi a nsomba amatsikira mmenemo, nkusefedwa, pampu nkuwakwezanso. Mu sampumo a pulambala anakulungamo paipi yapulasitiki ngati nkhata, mamita 30. Madzi otentha amatsika kuchokera kudenga kumene kuli giza, nkuzungulira mkati mwa nkhatayo, nkubwerera kudenga atasiya kutentha kwawo. Madzi awiriwo amayandikana usiku wonse osaonana nkhope, ngati mkamwini ndi apongozi.

Ndinagwira paipiyo. Pulasitiki.

"Koma Madala, zogwirira za ketulo amapanga zapulasitiki kuti tisapse. Ndiye inu mukufuna kutentha kudutse, mwasankha chinthu chimene chimakaniza kutentha?"

Apa anaima kaye, nkundiloza ndi sipanala, nkunena kuti mwana uyu ali ndi mutu. Zoona, pulasitiki imaumira kutentha, nchifukwa chake paipiyo iyenera kutalika chonchi. Chitsulo chikanachita msanga ndi kachidutswa kakafupi, koma madzi amchere amadya chitsulo, ngakhale chija chonyezimira cha masupuni chimayamba timaenje ta dzimbiri pakapita nthawi. Mkuwa tanena kale. Chitsulo chimene mchere umalephera ndi titanium, ndipo zida zopatsirana kutentha zopangidwa ndi chimenecho zilipo, kungoti mtengo wake ngwoluma. Bwana anali atawononga kale zambiri pa mabatire. Chinthu chimodzi a pulambala anakana kwamtuwagalu ndi kuika cholumikizira chilichonse mkati mwa madzi. Paipi ilowe yathunthu, ituluke yathunthu. Cholumikizira chikaphulika mmenemo usiku, madzi a mumpopi angathire mu sampu osalekeza, mchere nkusukuluka, pabalaza nkusanduka dambo.

Funso limene linandivutitsa usiku ndinalifunsa m'mawa mwake, ndipo ndinalifunsa kwa bwana.

Ndinati giza wa kuchipinda kwa mnzanga amadya magetsi kuposa chilichonse m'nyumba. Ngati hita ikudya magetsi, giza akudyanso magetsi, tapulumutsa chiyani? Kodi si kuchotsa ndalama m'thumba lakumanja nkuika lakumanzere?

Bwana anavomera mosanyinyirika. Giza akanakhala wamagetsi okhaokha, palibe chikanapindulidwa, yunitsi ndi yunitsi, kaya ipsere m'kandodo kagalasi kaya kudenga, ndipo kwina kukanatayikira m'mapaipi m'njira. Nkhani imasintha pokhapokha kutenthako kukuchokera kotchipa: ku gasi kumene gasi ngwotchipa, kapena ku dzuwa. Giza wa panyumbapa ngwa sola. Chisanu cha Johannesburg chili ndi khalidwe lake: usiku kumazizira mpaka kapinga kuyera, koma masana kumwamba kuli mbee, mvula kulibe, dzuwa lili phwee. Ndiye giza amakolola dzuwa masana nkulisunga ngati nkhokwe, nsomba nkumadya usiku. Kapampu kokankha madziwo kamadya magetsi ochepa ngati babu, mabatire sakamva kulemera.

Ndinakhutira, koma pang'ono. Masamu a ku pulayimale sananditayike. Giza amalowa malita 200, pa madigiri 60. Tinene kuti wapereka kutentha kwake mpaka watsika kufika pa 30. Wataya madigiri 30 pa malita 200, kuchulukitsa ndi 6,000. Kugawa ndi malita 1,500 a m'thanki, yankho ndi 4. Nkhokwe yonse ya dzuwa la tsiku lathunthu ingakweze thanki ndi madigiri anayi okha, munthu aliyense m'nyumbamo asanasambe. Ndinalemba pa katoni ya mchere nkuwaonetsa a pulambala. Anawerenga kawiri, nkuseka mpaka kutsokomola.

"Ukawaonetse adona zimenezi, mphwanga. Koma ine ndikhale nditapita."

Bwana anandiuza nambala ina imene ndinaisunga: kukweza thanki yake ndi digiri imodzi kumadya mayunitsi a magetsi pafupifupi 1.7. Ndinafunsa kuti nanga kutenthako kumapita kuti, poti thanki ili m'nyumba, zitseko zotseka? Kwina kumatulukira m'galasi, kwina mu sampu. Koma kwambiri kumakwera ndi nthunzi. Mpweya wa kuno ngouma, milomo imachita kung'aluka, ndipo thankiyo imaphwa malita ngati khumi pa tsiku. Ndikudziwa bwino chifukwa chigubu chowonjezera ndimadzaza ndine, ndi madzi osefa opanda mchere, poti mchere suuluka, umatsala. Lita iliyonse imene yauluka imanyamula kutentha kokwana pafupifupi magawo awiri mwa atatu a yunitsi. Malita khumi ndiye pafupifupi mayunitsi asanu ndi awiri, zofanana ndi nkhokwe yonse ija ya m'giza.

Izi sizinali zachilendo kwa ine. Mtsuko wa agogo anga unkaziziritsa madzi m'njira yomweyo, umatuluka thukuta, mphepo nkuliumitsa, madzi a mkati nkuzizira. Ndiye kuti bwana anali ndi mtsuko waukulu wopanda chivundikiro, akuusonkhezera moto pansi.

"Bwana, bwanji osavundikira?"

Anakhala chete kanthawi. Kenako anayamba kufotokoza kuti makorali amafuna kuwala kwamphamvu, galasi likachita nthunzi ndi mchere limatchinga, ndiponso madzi amafunika kupuma, kulandira mpweya wabwino pamwamba. Zonsezo nzoona. Koma ndinafunsa kuti nanga usiku, nyali zitazima, nanga sampu yomwe ili mumdima m'kabati kale? Loweruka lotsatira ndinatumidwa kukagula mapepala okhuthala oyera aja amatchinjirizira mafuriji atsopano m'katoni. Tinamata kumbuyo kwa thanki ndi m'mbali mwa sampu, nkuika chivundikiro chosatseka konse. Palibe amene ananena kuti nzeruyo inachokera kwa wosamalira kapinga, ndipo ine sindinakumbutse.

Tsopano funso limene ndimanyadira. Pakhoma a pulambala anakhoma kabokosi ka manambala. Kuchokera m'kabokosiko pali kachingwe kokhala ndi mutu wakuda, kolendewera mu sampu. Mutuwo ukamva kuti madzi atsika pa 25, kabokosi kamadzutsa pampu. Akakwera pang'ono, kamaigoneka.

"Madala, kachingweka kakatuluka m'madzi, mwina ine ndakakoka mwangozi potsuka, kamva chiyani?"

"Kamva mphepo ya m'kabati."

"Yozizira?"

"Yozizira."

"Ndiye kauza pampu kuti chiyani?"

Sanayankhe. Anayang'ana kudenga kumene kuli giza, nkuyang'ana thanki. Giza wa sola ali ndi chotenthetsera cha magetsi chothandizira dzuwa likachepa, champhamvu kuposa mahita anayi aja pamodzi. Pampu ikakana kugona, giza sangatope, azingotumiza moto usiku wonse. Podzafika m'mawa, ndiwo zapsa.

Ine ndinkaganiza kuti mdani ndi kuzizira, poti ndi kumene tinkalimbana nako. Bwana anati ayi, kuzizira pang'ono kumadwalitsa pang'onopang'ono, umakhala ndi nthawi yochitapo kanthu, koma kutentha kumapha msanga. Madzi akatentha amasunga mpweya wochepa, pamene nsomba zikufuna wochuluka. Zimenezo ndinazionapo m'maiwe a m'mudzi mu October, nsomba zikuyasamula pamwamba. Za makorali ndiye zinali zatsopano. M'thupi mwa korali mumakhala ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, zimene zimamupangira chakudya kuchokera ku kuwala ndi kumupatsa mtundu. Madzi akapitirira ndi digiri imodzi yokha pamwamba pa kutentha kumene anazolowera m'chilimwe, nkukhala choncho masabata angapo, korali amapirikitsa alendo akewo, nkuyera ngati fupa, nkuyamba kufa ndi njala. Zinachitika m'nyanja zenizeni, ku Great Barrier Reef ku Australia, mu 1998, kenako mu 2016 ndi 2017 motsatizana. Digiri imodzi! Ine thupi langa silingasiyanitse 26 ndi 27.

A pulambala anabweranso patapita masiku awiri ndi kabokosi kachiwiri kokhala ndi kachingwe kakekake, ndi valavu imene imadzitsekera yokha magetsi akaichokera. Kabokosi kachiwiriko ntchito yake ndi imodzi, madzi akafika pa 27 kamadula zonse, kaya koyamba kakunena zotani. Tizingwe tonse tiwiri anatimangirira pansi penipeni pa sampu ndi zomangira zapulasitiki. Pomanga anandiuza kuti ndikadzakoka, adzandimangirira pomwepo ine.

Panali chinthu chinanso chimene sindikanachiganiza, a pulambala anachiyambitsa okha. Madzi a m'nkhata muja amabwerera m'giza, ndipo ndi omwewo anthu amasamba. M'chilimwe thanki sifuna moto, mwina imafuna kuziziritsidwa kumene chifukwa nyali ndi mapampu zimatenthetsa. Ndiye pampu ingagone miyezi, madzi ali ndwii m'paipi ya mamita 30, ofunda pa madigiri 25 kapena 26. Ndinati nanga vuto nchiyani, si madzi a pampopi oyera? Anati pali kachilombo kamene kamakonda madzi ofunda osayenda, kuyambira madigiri 20 mpaka 45, kamalowa m'mapapo munthu akapuma timadontho ta m'shawa, nkuyambitsa chibayo choopsa. Nchifukwa chake giza amamuika pa 60, osati pofunda chabe. Bwana anawonjezera kuti matendawa anadziwika mu 1976 ku Philadelphia, ku America, pamene anthu ambiri amene anali pamsonkhano wa asilikali akale muhotela ina anadwala, ena nkumwalira, ndipo dzina la kachilomboko, Legionella, linachokera ku gulu lawolo. Choncho kabokosi kanauzidwa kuti tsiku lililonse kazidzutsa pampu mphindi zochepa, kaya nsomba zikufuna kaya sizikufuna, madzi asagonere. A pulambala anati akanakhala iwo mwini nyumba, akanalekanitsa madzi a m'nkhata ndi a m'giza kotheratu ndi chida china chapakati. Bwana anati chaka chamawa. Mawu amenewo ndimawadziwa, ndi omwe amandiyankha ndikafunsa za hita ya kuchipinda kwanga.

Masamu anga a pakatoni anakwaniritsidwa sabata yoyamba yomwe. Kunachita mitambo masiku awiri, magetsi nkuzima mbandakucha, ndipo cha m'ma 6 koloko ndili panja ndinamva mfuu kuchokera kubafa. Nsomba zinali pa 25, zikusambira mosatekeseka. Adona anatuluka atavala chijasi, tsitsi lili nyowe, nkuima patsogolo pa thanki osalankhula. Mwezi usanathe padenga panakwera giza wachiwiri. Wina ngwa anthu, wina ngwa nsomba, ndipo wa nsomba ndiye wamkulu.

Lamlungu lina ndinaimbira bambo anga pa WhatsApp, nkuwaonetsa thankiyo pa foni eni nyumba atapita kutchalitchi. Ndinawafotokozera zonse, nkhata, sampu, timabokosi tiwiri, mkamwini ndi apongozi. Anamvetsera osandidula. Anafunsa ngati muli mafunde, ndinawaonetsa timapampu ta m'mbali timene timakankha madzi uku ndi uku. Anafunsa za mwezi, poti usodzi wa usipa umayendera mdima ndi kuwala kwa mwezi, ndinawaonetsa kanyali kabuluu kamene kamayaka usiku. Anagwedeza mutu.

"Nanga iwe, madzi akakhala chimodzimodzi chaka chonse, nsombazo zimadziwa bwanji kuti mwera wafika?"

Ndinawafunsa a pulambala atabwera kudzaona valavu. Anati iwo amadziwa za mapaipi, ndikafunse eni nsomba. Ndinafunsa bwana Lolemba m'mawa akumwa khofi. Anaika kapu pansi, nkuyang'ana m'thanki nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti mwera nchiyani.